Akabawi a ku Chilwa: Mbiri ya Kusaka, Kuteteza ndi Kuchiza Mbalame Zolusa

Dera la Mfumu Yaikulu Mwambo lili kum'mawa kwa mzinda wa Zomba, pa chigwa chimene chimatsetsereka pang'onopang'ono kuchokera m'tsinde mwa phiri la Zomba mpaka kukathera m'madambo a kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa. Nyanjayi imalandira madzi a mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe koma ilibe mtsinje wotulutsa madziwo, ndipo popeza ndi yosaya, kukula kwake kumadalira mvula ya chaka chilichonse, moti inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mbali yake yaikulu inaumanso mu 2018. Pakati pa mtunda ndi madzi oyera pali dambo lalikulu la njedza, udzu wautali wa m'madzi umene asodzi amadulamo tinjira ta mabwato ndi kumangamo zimbowera, timisasa toyandama timene amagonamo pa nyengo ya usodzi. M'dambomo, ndi m'minda ya mpunga yoyandikana nalo, mumaswana matemba, makumba, milamba, achule, mbewa, ziwala ndi mbalame za m'madzi zosawerengeka, ndipo chakudya chimenechi ndicho chimasonkhanitsa mbalame zolusa pa gombe la Mwambo.

Mbalame zolusa ndi zimene zimagwira nyama yamoyo ndi zikhadabo n'kuing'amba ndi mlomo wokhota, ndipo m'gululi muli akabawi ndi mphamba, ziwombankhanga, nkhwazi ndi akadzidzi, pamene miimba imawerengedwa pamodzi nazo ngakhale kuti imadya zakufa. M'kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku dzina lakuti kabawi limaperekedwa kwa mitundu ingapo imene akatswiri a mbalame amaisiyanitsa. Pali kabawi wa mlomo wachikasu ndi mchira wa mphanda amene amazungulira pamwamba pa midzi ndi pa doko la Kachulu kutola zotsala za nsomba. Pali wina wa mapiko aatali amene amauluka chapansipansi pamwamba pa njedza ndipo amamanga chisa chake pansi m'dambo momwemo. Palinso wa mapiko afupiafupi amene amabisala m'mitengo ya mango n'kutulukira anapiye modzidzimutsa. Kusiyana kumeneku n'kofunika kwa wochiza mbalame, chifukwa mtundu uliwonse uli ndi kadyedwe kake, kaulukidwe kake ndiponso msinkhu wake wa mantha ukakhala m'khola. Mitundu ina ndi yongobwera kwa nyengo: kabawi wa mlomo wachikasu amachoka mvula ikamatha kupita kumpoto kwa Africa wa pakati, ndipo timphamba ting'onoting'ono ta mtundu wa Amur timaswana kum'mawa kwa Siberia ndi kumpoto kwa China, kenaka timawoloka nyanja ya mchere ya Indian Ocean kudzadya ngumbi ndi ziwala kuno kummwera kwa Africa m'nyengo ya dzinja.

Kwa Anyanja, Ayao ndi Alomwe amene akhala m'chigwachi, kabawi wakhala mdani wa pakhomo kuyambira kalekale, ndipo udaniwu uli ndi maziko ake omveka. Nkhuku ndiyo chiweto cha banja losauka, imene imaphedwa mlendo akabwera, imagulitsidwa mwana akadwala, ndipo imaperekedwa kwa mfumu pokathetsa mlandu, kotero kuti mwanapiye aliyense wotengedwa ndi chuma chimene chapita mumlengalenga. Chitopa chimapha nkhuku zambiri kuposa kabawi, koma matenda saoneka ndi maso pamene kabawi amaba masana anthu akuona, ndipo chifukwa cha ichi mkwiyo wonse umagwera iyeyo. Anyamata ankamulasa ndi legeni, ankamutchera ulimbo, umene ndi utomoni womata wopakidwa pa timitengo, ndipo akapeza chisa ankachigwetsa. Kadzidzi anali ndi mlandu wina, wa chikhulupiriro chakuti kulira kwake pa denga kumalosera maliro ndiponso kuti ndi mthenga wa afiti, pamene nkhwazi, imene chakudya chake chenicheni ndi nsomba, siinali ndi mlandu pakhomo ndipo inkalemekezedwa. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu, Brian Morris, amene anachita kafukufuku kwa zaka zambiri kummwera kwa Malawi, anasonyeza m'buku lake la mu 1998 lotchedwa The Power of Animals kuti Amalawi amaona nyama zakutchire m'njira zingapo nthawi imodzi, ngati ndiwo, ngati mankhwala, ngati adani a mbewu ndi ziweto, komanso ngati zolengedwa zokhudzana ndi mizimu, ndipo mbalame zolusa zimapezeka m'magulu onsewa.

Ulamuliro wa atsamunda sunachepetse udani umenewu, koma unaupatsa mphamvu ya malamulo. David Livingstone ndi John Kirk anafika pa nyanjayi mu Epulo 1859 n'kuilemba kuti Shirwa, ndipo boma la Britain litakhazikitsa likulu lake ku Zomba, malamulo a ulenje a mu 1897 anapatula malo ozungulira Chilwa, pamodzi ndi dambo la Elephant Marsh ku Shire, kuti akhale otetezera nyama. Chitetezocho chinali cha nyama zikuluzikulu zimene Azungu ankafuna kusaka okha, osati cha mbalame. Maganizo a nthawiyo akuonekera bwino m'pangano losunga nyama za mu Africa limene maiko a atsamunda anasainira ku London mu 1900. Panganolo linaika miimba ndi akadzidzi m'gulu la zolengedwa zoyenera kutetezedwa chifukwa cha phindu lake, koma mbalame zina zikuluzikulu zolusa linaziika pamodzi ndi mikango, afisi, anyani, ng'ona ndi nsato m'gulu la zilombo zowononga zimene chiwerengero chake chinayenera kuchepetsedwa. Ngakhale kuti panganolo silinayambe kugwira ntchito mokwanira, malamulo a m'maiko ambiri olamulidwa ndi Britain anatengera magulu ake. Chodabwitsa n'chakuti kadzidzi, amene mudzi unkamuda koposa, ndiye ankatetezedwa pa pepala, pamene chiwombankhanga chinalibe wochiyankhulira.

Zomba ndi kumenenso kafukufuku wa mbalame za dziko lino anakhazikikira, ndipo anayamba ndi mfuti. Alexander Whyte, amene anabwera ndi Harry Johnston mu 1891, ankasonkhanitsa zikopa za mbalame n'kuzitumiza ku London kuti zikapatsidwe maina. Charles Belcher anatulutsa buku la mbalame za Nyasaland mu 1930, C. W. Benson analemba mndandanda wake mu 1953, ndipo buku la Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett la mu 2006 linawerengera mitundu pafupifupi 650 m'dziko lonse. Bungwe loteteza nyama la Nyasaland Fauna Preservation Society, limene lero ndi Wildlife and Environmental Society of Malawi, linayamba mu 1947, ndipo pa ufulu wa mu 1964 nkhwazi inaikidwa pamwamba pa chizindikiro cha boma la Malawi. Koma m'zaka zonsezi mbalame yolusa yovulala inalibe malo opitako, ndipo ikagwa m'manja mwa munthu inkaphedwa, kapena inkasungidwa m'khola la waya ndi wina wachifundo mpaka itafa.

Luso lochiza mbalamezi linachokera kunja, ndipo mizu yake ili mu ulenje wogwiritsa ntchito mphamba zophunzitsidwa, umene anthu a ku Asia, Arabia ndi Ulaya akhala akuchita kwa zaka mazana ambiri. Mfumu Frederick II ya ku Ulaya inalemba buku lalikulu la ulenje umenewu cha m'ma 1240, ndipo bungwe la UNESCO linauvomereza mu 2010 kuti ndi chikhalidwe choyenera kusungidwa. Alenje amenewa ndiwo anatulukira kuti mbalame yolusa imadekha ikaphimbidwa maso ndi kachipewa ka chikopa, kuti thanzi lake limadziwika poiyeza kulemera tsiku ndi tsiku, ndiponso kuti nthenga yothyoka ikhoza kulumikizidwa. Chimene chinasandutsa luso la alenje kukhala ntchito yoteteza chilengedwe chinali ngozi ya mankhwala ophera tizilombo a DDT. Rachel Carson anachenjeza za mankhwalawa mu 1962, ndipo mu 1967 Derek Ratcliffe wa ku Britain anasonyeza kuti zigoba za mazira a mphamba zinali zitapyapyala kuyambira pamene mankhwala a mtunduwu anayamba kugwiritsidwa ntchito, moti mazirawo ankaphwanyika make akamafungatira. Mu 1970 Tom Cade anayambitsa bungwe la The Peregrine Fund ku Cornell kuti aziswetsa mphamba m'makola n'kuzibwezera kutchire, mu 1972 dziko la America linaletsa DDT pa ulimi, ndipo mu 1974 ku yunivesite ya Minnesota kunatsegulidwa chipatala cha mbalame zolusa chotchedwa The Raptor Center, chimene chinakonza zambiri mwa njira za opaleshoni ya mafupa a mbalame zomwe zikutsatidwa lero. Kuno kummwera kwa Africa DDT anapezeka m'mazira a nkhwazi pa nyanja ya Kariba, kumene ankathiridwa polimbana ndi kashembe, ndipo malo ochizira mbalame zolusa anakhazikika makamaka ku South Africa, Zimbabwe ndi Kenya, monga Kuimba Shiri pa nyanja ya Chivero pafupi ndi Harare, ndi VulPro, malo a miimba amene Kerri Wolter anayambitsa mu 2007.

Pamene izi zinkachitika kunja, chigwa cha Chilwa chinkasintha m'njira imene inabweretsa zoopsa zatsopano. Boma la Kamuzu Banda linakhazikitsa masikimu a mpunga wothirira ku Likangala ndi ku Domasi kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1970, ndipo mpunga unachulukitsa makoswe, mbewa ndi timbalame todya mbewu, zimene zinakoka akabawi ndi akadzidzi kuyandikira kwambiri anthu. Mlimi wolimbana ndi makoswe amagula tameki, timibulu takuda ta poizoni woopsa wotchedwa aldicarb timene timagulitsidwa mobisa m'misika, ndipo khoswe wodya poizoniyo amayenda mofooka poyera, pamene kabawi amamugwira mosavuta n'kumeza imfa yake yomwe. Zigwa za Chilwa ndi Chiuta zilinso m'gulu la malo oswanirako dzombe lofiira amene amayang'aniridwa ndi bungwe la maiko angapo lolimbana ndi dzombe, lomwe likulu lake lili ku Ndola m'dziko la Zambia, ndipo mbalame zodya dzombe lothiridwa mankhwala zimakhudzidwa chimodzimodzi. Powonjezera apo pali maukonde otayidwa m'madzi amene amakola nkhwazi, mawaya a magetsi, galimoto za pamsewu, ndi kutha kwa mitengo ikuluikulu yomangapo zisa, imene yapita ku nkhuni zowambira nsomba ndi zootchera njerwa.

Kuphwa kwa nyanja mu 1995 kunasonyeza mmene moyo wa mbalame umalumikizirana ndi njala ya anthu. Nsomba zitasowa, asodzi ambiri anatembenukira ku misampha ya mbalame, ndipo kafukufuku wa John Wilson wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anapeza kuti otchera misampha oposa 400 ankagwira mbalame za m'madzi zoposa miliyoni imodzi pachaka, makamaka nkhuku za m'madzi ndi abakha akutchire, zimene zinkagulitsidwa zokazinga m'misika. Mu 1997 Chilwa inakhala dambo loyamba la Malawi kulowa m'pangano la Ramsar, lomwe linasainidwa ku Iran mu 1971 pofuna kuteteza madambo ofunika kwa mbalame za m'madzi, ndipo mu 2006 UNESCO inaika chigwachi pa mndandanda wa malo amene anthu ndi chilengedwe ayenera kukhalira limodzi. Chofunika koposa m'mbiri ino ndi bungwe la osaka mbalame la Lake Chilwa Bird Hunters Association, limene linapangidwa mu 2001 ndipo linagwira ntchito ndi bungwe la alenje a ku Denmark komanso nthambi ya ku Zomba ya Wildlife and Environmental Society of Malawi. Makalabu ake a m'midzi anagwirizana za nyengo yoletsa kusaka, anapatula zigawo za dambo zoti mbalame ziziswaniramo mosasokonezedwa, ndipo anayamba kuwerenga mbalame zogwidwa. Cholinga chawo chinali kusunga ndiwo ndi malonda, osati akabawi, komabe chigawo cha njedza chosatenthedwa ndi chosatcheredwa misampha chimasunganso chisa cha kabawi wa m'dambo pamodzi ndi chakudya chake.

Malamulo nawo anasintha. Malawi analowa mu 1982 m'pangano la CITES loyang'anira malonda a nyama ndi zomera pakati pa maiko, limene limakhudza akabawi, ziwombankhanga ndi akadzidzi onse, kenaka mu 1992 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la nkhalango zosungira nyama ndi nyama zakutchire, ndipo kusintha kwa mu 2017 kunakweza chilango cha milandu ikuluikulu kufika pa zaka 30 m'ndende. Koma boma likalanda nyama yamoyo kwa wogulitsa liyenera kukhala ndi koiika, ndipo kusowa kumeneku ndiko kunabala malo a Lilongwe Wildlife Centre, amene anatsegulidwa cha mu 2008 m'nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi mothandizidwa ndi bungwe la Born Free Foundation. Malowa, amene amayendetsedwa ndi Lilongwe Wildlife Trust, anatchuka ndi anyani ndi apusi olandidwa kwa ogulitsa, koma amalandiranso mbalame, kuphatikizapo akadzidzi ndi zina zolusa, ndipo pamodzi ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire ali ndi gulu la madokotala a zinyama loyenda kukathandiza nyama zovulala kumene zili. Kabawi wovulala ku Mwambo, ngati ali ndi mwayi wofika kwa dokotala wodziwa mbalame zakutchire, njira yake imalowera kumeneko, mtunda wa makilomita pafupifupi 300 kuchokera ku Zomba.

Mtunda umenewu ukutanthauza kuti moyo wa mbalameyo umagamulidwa m'mudzi, dokotala asanaione. Wochiza wodziwa ntchito amayamba ndi kuiphimba mutu ndi nsalu yokhuthala, chifukwa mdima umachepetsa mantha, kenaka amagwira miyendo yonse iwiri pamwamba pa zala, popeza choopsa cha kabawi ndi zikhadabo osati mlomo. Mbalameyo imaikidwa m'katoni yoboola timabowo ta mpweya, yoyalidwa nsalu pansi, ndipo imasungidwa pamthunzi, kutali ndi ana, agalu ndi utsi wa kukhitchini. Dengu lowonekera kapena khola la waya n'loipa, chifukwa mbalame yoona kuwala imadziguguda pofuna kuthawa mpaka kuthyola nthenga ndi kusupula khungu la pamwamba pa mlomo. Chifundo cha wopeza mbalame ndicho chimaipha kawirikawiri, pakuti anthu amaithira madzi kukamwa osadziwa kuti khomo la njira ya mpweya lili patsinde pa lilime, ndipo madziwo amalowa m'mapapo. Ena amaipatsa nsima kapena buledi, zimene mimba ya mbalame yodya nyama singazigaye. Ngakhale nyama yeniyeni ndi yoopsa kwa mbalame yowonda kwambiri, imene imadziwika pokhudza fupa la pachifuwa n'kulipeza lakuthwa, chifukwa thupi lopanda madzi silingagaye chakudya ndipo nyamayo imawolera m'chithokomiro. N'chifukwa chake kuchipatala chithandizo choyamba chimakhala madzi a mchere ndi shuga operekedwa pa jakisoni pansi pa khungu kapena kudzera m'kapaipi kofika m'mimba, ndipo chakudya chimabwera pambuyo, pang'onopang'ono.

Mbalame yodya tameki kapena mankhwala ena a m'gulu lake imadziwika ndi dovu, kunjenjemera, zala zofumbata ndi kulephera kuima, chifukwa poizoniyu amasokoneza mauthenga a pakati pa mitsempha ndi minofu. Mankhwala ake ndi jakisoni wa atropine, pamodzi ndi kuchotsa chakudya chotsalira m'chithokomiro ndi kupereka makala okonzedwa mwapadera amene amayamwa poizoni m'matumbo, ndipo mbalame yothandizidwa msanga imatha kuchira m'masiku ochepa, koma yochedwa imafera m'katoni. Phiko lothyoka lili ndi vuto lake. Mafupa a mbalame ndi opepuka, ena ndi amphako ndipo amalumikizana ndi timatumba ta mpweya ta m'thupi, kotero kuti fupa la kumtunda kwa phiko likathyoka n'kuboola khungu, matenda amatha kulowa mpaka m'njira zopumira. Mafupawa amalumikizana msanga, mkati mwa masabata atatu kapena kuposerapo pang'ono, ndipo msanga umenewu ndi wabwino pokhapokha fupa litaongoledwa nthawi yomweyo. Likachedwa limapola mokhota. Dokotala amajambula fupalo, n'kulimanga ndi bandeji yopingasa kapena kulilowetsa tizitsulo, ndipo amayamba kulitambasula phikolo mosamala lisanaume. Kuthyoka kwa pamfundo penipeni sikupola bwino kawirikawiri. Maso amayezedwanso nthawi zonse, chifukwa mbalame yogundidwa ndi galimoto kapena mwala wa legeni imatha kuoneka yabwinobwino koma itachita khungu diso limodzi, ndipo kabawi wa diso limodzi amavutika kuyeza mtunda wa chimene akufuna kugwira.

Nthenga nazo ndi chiwalo chofunika kuchizidwa. Ulimbo umasungunulidwa ndi mafuta ophikira, kenaka mafutawo amatsukidwa ndi sopo wofewa ndi madzi ofunda, ndipo mbalameyo siimasulidwa mpaka nthenga zitayambanso kukana madzi. Nthenga yaikulu ya phiko kapena mchira ikathyoka siimera ina mpaka nyengo yosulula, imene ingachedwe miyezi yambiri, choncho ochiza anatengera kwa alenje a mphamba njira yoilumikiza. Amasunga nthenga za mbalame zakufa, amasankha ya mtundu womwewo, mbali yomweyo ndi malo omwewo pa phiko, amadula ziwirizo mofanana, n'kulowetsa kamtengo kansungwi kopaka guluu m'mphako za zonse ziwiri, monga mmene mmisiri amalumikizira mabango awiri ndi kamtengo kamkati. Ntchitoyi siipweteka chifukwa nthenga yokhwima ilibe magazi, ndipo nthenga yobwerekayo imadzagwa yokha pa nyengo yake.

Kusunga mbalame yochira kwa masabata angapo kumabweretsa matenda ena amene kutchire sapezeka kawirikawiri. Chuku cha m'udzu wonyowa chimalowa m'mapapo mwa mbalame yofooka n'kuyambitsa matenda ovuta kuchiza. Mtengo wotera wosalala kapena wofanana ponseponse umatupitsa mapazi mpaka kuchita mafinya. Nkhunda zodwala zikaperekedwa ngati chakudya zimapatsira zilonda za kukhosi. Chakudya choyenera ndi nyama yathunthu, monga mbewa, anapiye kapena nsomba, ndi mafupa, ubweya ndi zam'mimba zomwe, chifukwa mnofu wokha ulibe mchere womanga mafupa, ndipo mwana wa kabawi woleredwa ndi mnofu wa ng'ombe amakula ndi miyendo yopindika. Ubweya ndi nthenga zimene mbalame yameza imazilavula ngati kambulu tsiku lotsatira, ndipo wosamalira amayang'ana kambuluko kuti adziwe ngati mimba ikugwira ntchito. Mbewa zogula kwa anyamata a m'mphepete mwa msewu sizingadalirike pa ntchitoyi, chifukwa palibe angatsimikize kuti sizinadye poizoni, motero malo ochizira amaweta okha mbewa zoyera, ndipo apa mpamene ndalama zambiri zimathera.

Ana a mbalame ndiwo amafuna kudziletsa kwakukulu. Konrad Lorenz, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1973, anafotokoza mmene mwana wa mbalame amazindikirira mtundu wake potengera chimene akuchiona m'masiku ake oyambirira, ndipo kabawi wodyetsedwa ndi dzanja la munthu amakula akuona anthu ngati makolo ake. Wotereyu akamasulidwa amatsikira anthu kupempha chakudya, ndipo m'mudzi wa nkhuku mapeto ake ndi odziwikiratu. Njira yabwino koposa ndi kumubwezera m'chisa chake, popeza makolo samukana chifukwa chakuti wagwiridwa ndi munthu, ngakhale ambiri amakhulupirira choncho. Zikakanika, amaleredwa ndi anzake a mtundu womwewo, amadyetsedwa ndi munthu wobisala kuseri kwa chotchinga, kenaka amaikidwa m'bokosi pamalo okwera kutchire, pamene chitseko chimatsegulidwa nthenga zikakhwima ndipo chakudya chimapitirira kuikidwa mobisa mpaka ataphunzira kusaka yekha. Mbalame yaikulu imalimbitsidwa pouluka m'khola lalitali kapena itamangidwa chingwe chachitali chopepuka, ndipo imabwezedwa pamalo pomwe inapezedwa, chifukwa mwina ili ndi inzake ndi dera lake kumeneko, pamene yoyendayenda iyenera kumasulidwa anzake asananyamuke. Mphete yachitsulo ya nambala imene imavekedwa kumwendo, m'ndondomeko ya SAFRING ya ku Cape Town, ndiyo ingadzauze anthu ngati inapulumuka. Mbalame imene sidzathanso kuuluka kapena kusaka imaphedwa mosaimvetsa ululu, kupatula zochepa zodekha zimene zimasungidwa pophunzitsira ana a sukulu, ndipo chigamulo chimenechi, chimene alendo ambiri safuna kuchimva, ndi gawo la ntchitoyi tsiku ndi tsiku.

Funso lakuti ngati n'koyenera kuwonongera ndalama kabawi mmodzi m'dera limene chipatala cha anthu chimasowa mankhwala ndi lachilungamo, ndipo yankho lake silofanana pa mitundu yonse. Kuchiza kabawi wa mlomo wachikasu, amene ndi wochuluka mu Africa yense, sikusintha chiwerengero cha mtundu wake. Koma ziwombankhanga ndi miimba zimachedwa kukula, zimaikira dzira limodzi kapena awiri pachaka ndipo zimakhala zaka zambiri, moti imfa ya yaikulu imodzi imatenga nthawi kuti ilowedwe m'malo. Kafukufuku wotsogoleredwa ndi Phil Shaw ndi Darcy Ogada, wofalitsidwa mu 2024, anapeza kuti mwa mitundu 42 ya mbalame zolusa za m'matchire a Africa imene anaiunika, 37 inali itachepa, ndipo kuchepaku kunali kwakukulu kunja kwa nkhalango zotetezedwa. Mu Juni 2019 miimba 537 inafa nthawi imodzi ku Botswana itadya mitembo ya njovu yothiridwa poizoni. Phindu lina la chipatala cha mbalame n'lakuti wodwala aliyense ndi umboni wa chimene chikuchitika kumene wachokera, kaya ndi poizoni watsopano pamsika, mzati wa magetsi umene ukupha mbalame, kapena chimfine cha mbalame chimene chingafalikire ku nkhuku. Komabe zimene zinachitika ku Liwonde, kumpoto kwa Zomba, zikusonyeza malire a chipatala. Bungwe la African Parks litayamba kuyendetsa nkhalangoyo mu 2015, n'kuchotsa misampha ndi kubwezeretsa nyama zolusa za cheetah mu 2017 ndi mikango mu 2018, miimba imene inali itasowa inabwerera yokha chifukwa inapeza mitembo yopanda poizoni.

Dambo la Chilwa si nkhalango yotchingidwa ndi waya ngati Liwonde, ndipo silingakhale choncho, chifukwa anthu masauzande ambiri amadya za m'menemo. Amene amaliyenda tsiku ndi tsiku, amene amadziwa mtengo umene nkhwazi imamangapo ndi chigawo cha njedza chimene kabawi amaswaniramo, ndi asodzi, alimi a m'sikimu ndi osaka mbalame, ndipo ndiwonso amayamba kupeza mbalame yokodwa kapena yodya poizoni. Luso lawo logwira mbalame yamoyo osaithyola phiko silisiyana kwenikweni ndi limene wochiza amafuna pa ola loyamba. Maphunziro a udokotala wa zinyama amene yunivesite ya LUANAR inayamba kupereka ku Bunda m'zaka za m'ma 2010 akuchepetsa pang'onopang'ono kusowa kwa madokotala, ndipo alangizi a ziweto a m'maboma ali ndi njira yosavuta yochepetsera udani wa pakhomo, yomwe ndi kusunga anapiye pansi pa dengu kapena m'kakhola kofolera m'masabata awo oyamba, pamene amakhala osavuta kutengedwa. Chopinga chimene chatsala ndi mantha a lamulo. Lamulo limaletsa kusunga nyama yotetezedwa popanda chilolezo, ndipo msodzi amene wamasula nkhwazi mu ukonde wake, atamva za zilango za mu 2017, amaona kuti kuitaya m'njedza kapena kuipha mwakachetechete n'kosavuta kusiyana ndi kuonekera nayo kwa mfumu kapena kwa wapolisi pamsewu wopita ku Zomba, kumene angafunsidwe kaye mmene anaipezera.